Mmene Ndinakhalira Mkamwini wa aNankhoma

Zomba, likulu lisanasamuke

Za ubwana wanga ku Dowa munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye sindibwereza. Ndiyambira pa ntchito. Ntchito yanga yoyamba m'boma inali ku Zomba, ku nthambi yophunzitsa anthu zaukhondo, ndipo pa kalata yanga panalembedwa kuti ndine wothandizira. Kuthandizira chiyani, sanatchule. Miyezi yoyamba ndinkakhoma zithunzi za ntchentche m'misika, anthu n'kumazikanganula kukakulungira usipa. Kenaka kunabwera mayi wina wachizungu, woonda ngati nsungwi, amene ananena kuti munthu samvera pepala koma amamvera munthu mnzake, choncho uthenga uzidzera m'zisudzo. Anatitenga anthu asanu n'kutiphunzitsa chaka chathunthu. Ine ndinkayesa kuti chisudzo ndi kuloweza mawu basi. Iyeyo kwa miyezi itatu sanatipatse liwu ndi limodzi lomwe. Tinkangopuma, kugwa, kudzuka, kuyenda opanda nsapato, mpaka aliyense adziwe pamene pali bondo lake ndiponso zimene msana umachita munthu akamanama. Pochoka anatisiyira buku la chikuto chobiriwira, lotaipidwa, momwe munali masewera onse omasulira thupi la wochita zisudzo. Mayi ameneyo ndilibe naye mlandu. Mlandu wanga uli ndi munthu amene anadzatola bukulo n'kulisandutsa malamulo khumi.

Lilongwe, chaka cha msamuko

Maofesi atayamba kusamukira ku Lilongwe, nthambi yathu inakwezedwa pa lole pamodzi ndi makabati. Inu amene mwaiona City Centre ili ndi mitengo simungamvetse. Kunali fumbi lofiira, mathirakitala, ndi nyumba zazitali zoima patalipatali m'tchire ngati zayambana. Matebulo athu anafika, mipando inatsala ku Zomba miyezi ingapo. Akuluakulu analandira makiyi a ku Area 9 ndi Area 10, nyumba za bwalo loti ungalimepo chimanga cha chaka chonse, pamene ife tinalembedwa pa mndandanda wa odikira. Mayi anu anali ndi pakati pa iwe Tiyamike, Madalitso akungoyamba kuyenda, ndipo tinkakhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ina ku Old Town. Chimbudzi chinali chimodzi pa mabanja onse a pamenepo. Ine mphunzitsi wa zaukhondo ndinkaima pamzera m'mawa ndi kachitini kanga.

Bwana wanga anali a Mangani. Anali munthu wa jekete ngakhale mu Okotobala, ndipo pa zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinaonepo phazi lawo lili lopanda nsapato. Sanagwepo pansi, sanapumepo monga bukulo linkanenera, koma masamba ake anawaloweza manambala. Iwo ndiwo anandipatsa ntchito yaikulu yoyamba: maphunziro a masabata asanu ndi limodzi, anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, ndipo pomaliza khumi mwa iwo alembedwe ntchito ngati gulu lathu la zisudzo loyenda m'misika. Kumapeto kunkabwera alendo akunja amene ankathandiza nthambi yathu, kudzaona ngati tikuchita zanzeru. Holo kunalibe. Tinapatsidwa nyumba yakale yosungiramo feteleza pafupi ndi msika, yopanda zenera, ya chitseko chimodzi chachikulu choyang'ana kumadzulo.

Anthu ndinawatola m'matchalitchi ndi mumsika. Awiri okha ndiwo muyenera kuwadziwa. Woyamba ndi aNankhoma, mayi wa zaka ngati makumi asanu, wogulitsa nyemba mumsika wa Old Town. Mudzi wawo unali umodzi mwa imene inasamutsidwa kuti pamangidwe likulu, ndipo ankati pamene anasiya mtondo wawo pali ofesi tsopano. Sankadziwa kuwerenga, koma ndiwo ankatsogolera chimtali kwawo, ndipo akangoimirira, maso ako ankapita okha. Wachiwiri ndi Yohane, bambo wa ana awiri, amene ankakanya simenti ku City Centre ntchitoyo isanathe, katswiri wa mganda, munthu wosalankhula wamba.

Sabata yoyamba yomweyo ndinaona kuti buku palokha silikwanira. Linkati wochita zisudzo aime ngati pali chingwe chomukoka pamutu kupita kumwamba. Nditamasulira, anthu anangoseka n'kumasolola makosi ngati nkhuku zomwa madzi. ANankhoma anatuluka, anabwera ndi ndowa yodzaza madzi, anaisenza, n'kuyenda nayo kuchoka kukhomo mpaka kukhoma osagwira.

"Aphunzitsi, chingwe chanucho si ichi?" anandifunsa choncho.

Chinali chomwecho ndithu. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kusoka. Kapumidwe ndi kagwedwe ndinkatenga m'buku, msana ndi khosi ndinkatenga ku ndowa ya aNankhoma, ndipo kaponyedwe ka miyendo pamodzi, kamene bukulo linkafuna kuti tiziwerengera manambala, Yohane anatiphunzitsa ndi masitepe a mganda. Zinkalumikizana bwino kuposa mmene ndinkaganizira. A Mangani atatipeza tsiku lina amuna atasenza ndowa, anaima pakhomo atatseka mphuno ndi kansalu chifukwa cha fungo la feteleza.

"Bambo Chikuse, kodi muno ndi kuchinamwali? Boma lasamutsa likulu kuti tibwerere kudambwe? Ndowa ili pa peji yanji?"

"Palibe peji yake, bwana, koma taonani misana yawo."

"Ine sindinalembedwe ntchito yoona misana. Tsatirani buku."

Ndinati inde bwana, iwo atangotembenuka ndowa zinabwerera pamitu.

Sabata yachitatu ya maphunziro

Pa peji ina m'bukumo panali masewera a kalilole. Anthu awiri amaima moyang'anizana, maso ndi maso, wina n'kumasuntha dzanja kapena phewa pang'onopang'ono, mnzakeyo n'kumatsanzira ngati kalilole, osaphethira, osayang'ana kumbali. Tsiku limene tinawayesa a Mangani analipo, atakhala pa mpando umene anabwera nawo okha pa galimoto. Pofuna kuwaonetsa zabwino, ndinaitana akatswiri anga awiri, aNankhoma ndi Yohane, n'kuwauza kuti aime moyang'anizana. Yohane anazyolika, thukuta lili kamukamu. ANankhoma anakoka nsonga ya chitenje n'kuphimba nkhope, kenaka anatuluka. Ine ndinkangoti mwina ndi manyazi chabe, mpaka mayi wina anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, mwalakwitsa. Amenewo ndi apongozi ake. Yohane anakwatira mwana wawo."

Manyazi amene anandigwira ndimawamvabe. Ine wa ku Dowa, ine amene ndinakhalapo pachikamwini kwa agogo anu, amene ndinkalumphira m'chimanga ndikangoona mpango wawo ukubwera m'njira, ndinakhala ndi anthu awiriwa masabata atatu osazindikira. Ankabwera m'njira zosiyana, ankakhala wina kumapeto uku wina uko, sankalankhulana mwachindunji. Zonsezo ndinkaziona, koma maso anga anali atadzaza ndi buku. Ndinati ndingowasinthira anzawo ochita nawo, nkhani ithe. A Mangani anakana.

"Wochita zisudzo alibe apongozi," anatero. "Lero akana kalilole, mawa akana sewero pamaso pa alendo. Mawa masana achite pamodzi monga buku likunenera. Apo ayi, onse awiri azipita. Zakumudzi zitsale kumudzi."

Taganizani, ana anga. Munthu amene ankanena zimenezi anali ndi apongozi akenso, ndipo ndikudziwa kuti akapita kwawo kwa mkazi wake ankadyera kuseri ngati tonsefe. Koma jekete ikalowa m'mutu, munthu amayamba kunyoza mchombo wake.

Mawa lake masana dzuwa litapendeka, kuwala kunalowa pakhomo lija n'kuyala zithunzithunzi zathu zazitali pasimenti. ANankhoma anafika mochedwa dala, a Mangani atatopa kudikira n'kupita. Anaima pakhomo, nalankhula moyang'ana ine, koma mawuwo akupita kwa wina, monga apongozi amachitira, akumutchula Yohane ndi dzina la mwana wake.

"Aphunzitsi, muwauze abambo ake Esinati aime apo. Ine ndiima apa, kumbali, kotalikirako. Asandiyang'ane, inenso sindiwayang'ana. Kalilole wanuyo mumupeza."

"Nanga atsanzira bwanji osakuonani?"

"Inu, mkamwini saona nkhope ya apongozi, koma ndani pamudzi amene amadziwa kayendedwe kawo kuposa iye? Akanapanda kudziwa, bwenzi akupatuka bwanji m'njira? Amaonera m'mphepete mwa diso, amamva phazi, amaona chithunzithunzi chisanafike mwiniwake. Zaka zisanu ndi ziwiri sitinagundanepo pakhomo limodzi. Ndiye muzitiphunzitsa ife kuonana?"

Anaima motero, wina kuyang'ana kumpoto wina kumwera, pakati pawo mpata woti pangadutse ngolo. ANankhoma anakweza dzanja pang'onopang'ono, la Yohane linakwera nthawi yomweyo. Anapinda bondo, anatembenuza phewa, anaima mwadzidzidzi, Yohane ali nawo limodzi, maso ake ali pansi pa chithunzithunzi. Dzuwa litabisika ndi mtambo chithunzithunzi n'kuzimirira, anapitirizabe, akungomvera mpweya ndi kukhwekhwereza kwa phazi. Chaka chonse ku Zomba sindinaonepo anthu awiri akumvana chonchi, ngakhale oyang'anana mpaka misozi.

A Mangani sanabwerenso kudzafunsa za kalilole. Masabata otsalawo tonse tinachita zimenezo, awiriawiri, kenaka anayi, kenaka gulu lonse. Tinkayamba ndi kupuma kwa m'buku, kusenza ndowa, masitepe a mganda, n'kumalizira apa. Phindu lake linali loonekeratu. Mumsika mulibe nsanja, anthu amakuzungulira mbali zonse, ndipo wochita sewero amene amafuna kuona mnzake kumaso kuti adziwe chochita amafulatira theka la oonerera. Athu anaphunzira kuyang'ana anthu uku akumvana okhaokha ndi khutu ndi ngodya ya diso. Dzina linabwera lokha. M'mawa uliwonse wina ankati, "Aphunzitsi, lero chipongozi tichita nthawi yanji?" Ndipo chinakhala chipongozi.

Tsiku la alendo

Popeza a Mangani sakanalola alendo kununkhiza feteleza, chionetsero chinachitikira pa kapinga wa nyumba yawo ku Area 9. Anthu anga anayenda wapansi kuchokera ku Old Town, ndipo atafika anauzidwa kuti alowere kachipata ka kuseri. Tinachita sewero la madzi a pachitsime, kenaka alendo anapempha kuona mmene timakonzekeretsera thupi. Anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi anabalalika pa kapingapo, aliyense kuyang'ana kwake, aNankhoma pakati. Anayenda pamodzi, anagwa pamodzi, anadzuka pamodzi, popanda ng'oma, popanda wowerenga. Mlendo wamkulu, bambo wa ndevu zoyera, anaika kapu yake pansi. Anati wayenda maiko ambiri koma izi sanazionepo, ndipo m'buku lobiriwira mulibe. Anafunsa kuti anazipeka ndani.

Ine ndinali womasulira, ndinaima pakati pawo. Ndisanatsegule pakamwa, a Mangani anakonza tayi n'kuyankha m'Chingerezi kuti ndi njira imene iwo anaiganizira kwa nthawi yaitali, pofuna kuchotsa manyazi a anthu osaphunzira. Munthu amene masabata atatu m'mbuyomo ankati zakumudzi zitsale kumudzi! Anakolola posalima, masana dzuwa likuswa mtengo, mwini munda ataima pomwepo akupukuta thukuta. ANankhoma anaona kuti mlendoyo akuloza iwo, ndiye anandikodola.

"Aphunzitsi, akuti chiyani azunguwo?"

"Akuti mwavina bwino, mayi."

Limenelo linali bodza langa loyamba. Ndinadziuza kuti pamaso pa alendo si pokanganirana, ndidzakonza ku ofesi.

Ku ofesi, sabata yotsatira

Amene anandichenjeza ndi a Mhango, otaipa makalata athu, bambo wa ku Rumphi, mkulu wa mpingo wosadziwa kubisa mawu. Anandiitanira pakhonde n'kundionetsa lipoti limene anali atangolitaipa. Chipongozi chinali chitabatizidwa dzina la Chingerezi lotanthauza kuti njira ya a Mangani. Pa mndandanda wa anthu khumi olembedwa ntchito Yohane analipo, aNankhoma panalibe. Kutsogolo kwa dzina lawo kunalembedwa kuti sadziwa kuwerenga ndiponso anakana malangizo a mphunzitsi. Pansi pake panali mzera wa siginecha ya mphunzitsiyo, ndiye ine.

"A Chikuse, ine zala zanga zachimwa kale potaipa," anatero a Mhango. "Koma cholembera ndi chanu. Mupemphere kaye."

Ndinalowa kwa a Mangani. Ndinawauza kuti theka la anthu khumiwo amawerenga mochita kugwira chala, kuti aNankhoma amaloweza sewero lonse akangolimva kawiri, kuti malangizo amene anakana anali olakwika ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinawauza kuti popanda mayi amenewa palibe njira ya aliyense. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu atauma. Chifukwa chenicheni tonse tinkachidziwa: aNankhoma akanakhala m'gululo, tsiku lina mlendo wina akanadzawafunsa, ndipo iwo analibe womasulira m'kamwa mwawo. Nditamaliza, a Mangani anatsegula kabati ya tebulo n'kutulutsa makiyi awiri omangidwa pa kachingwe, n'kuwaika pafupi ndi lipotilo.

"Nyumba yatuluka ku Area 18. Zipinda ziwiri, madzi a m'nyumba, chimbudzi chanuchanu. Pamndandanda muli anthu ambiri, a Chikuse, ena akulu kuposa inu. Ndamva kuti akunyumba atopa. Mwana abadwire kuseri kwa sitolo? Lipoti likapita lero, makalata a nyumba apita lero."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinawaponyera makiyiwo kumaso. Mwina mwakhala mukuganiza kuti bambo anu ndi munthu wotero, poona mmene ndimakalipira wailesi. Ndinapempha tsiku limodzi. Ndinafika kunyumba n'kupeza Madalitso akutsegula m'mimba kachitatu mwezi umenewo, mayi anu atakhala pakhomo miyendo itatupa, akukupiza ntchentche zomwe zija ndinkakhoma zithunzi zake ku Zomba. Sindinawauze kanthu. M'mawa mwake ndinasaina. A Mangani sanandiyang'ane n'komwe, anangokankhira makiyi ndi chala chimodzi monga muja amaponyera fupa kwa galu. Mpaka lero ndikakumbukira chala chimenecho sindidziwa kuti amene ndimamukwiyira kwambiri ndi mwini chala kapena mwini dzanja limene linatola.

Chinthu chimodzi chokha ndinachita ngati mwamuna: ndinapita ndekha kumsika kukawauza. Ndinawapeza akupeta nyemba. Ndinanena zonse, za dzina, za mndandanda, za zimene mzungu uja anafunsa, za makiyi. Anapitiriza kupeta mpaka nditamaliza.

"Abambo ake Esinati alembedwa?"

"Alembedwa, mayi. Koma akuti akana."

"Muwauze asapuse. Adzukulu anga adya chiyani?" Anathira nyemba m'dengu. "Za dzinazo, alembe lawo abwanawo. Pepala ndi lawo. Koma tsiku lina mwana adzafunsa kuti n'chifukwa chiyani anthu awiriwa sakuyang'anana. Adzayankha chiyani?" Kenaka anandiyang'ana m'maso, nthawi yaitali, mmene buku lija linkafunira. "Inu ndiye mwandidabwitsa, aphunzitsi. Ndimayesa muli ndi msana. Si paja munasenza nafe ndowa?"

Area 47, chaka chino

Nyumba ya ku Area 18 mukuidziwa, munakuliramo nonse. Tiyamike unabadwa patangotha sabata ziwiri titalowamo, ndipo Madalitso sanadwalenso m'mimba. Sindinganame kuti sindinasangalale nayo. A Mangani anakwezedwa kawiri, anapita kunja kukaphunzitsa njira yawo atavala nsapato, ndipo pa maliro awo wolankhula wina anaitchula. Ine ndinaphunzitsa chipongozi zaka zonse mpaka kupuma ntchito, m'maboma asanu, ndipo pakamwa ndinkachitchula dzina lake lenileni. Koma pakamwa pamauma, pepala limakhala.

Mwezi wathawu Chisomo, mwana wako iwe Tiyamike, anabwera kuchokera kukoleji kumene akuphunzira zisudzo. Anaitana mnzake pa kapinga wa pano kuti andionetse zimene aphunzira. Anaima wina kuyang'ana uku wina uko, mpata pakati, maso pansi. Anachita bwino ndithu. Anati imeneyi ndi njira ya a Mangani, yotchuka, yochokera konkuno. Ndinamufunsa kuti n'chifukwa chiyani sayang'anana.

"Kaya, agogo. Notsi sizinena. Ndi mmene zimakhalira basi."

Ndinalowa m'nyumba n'kupempha kope ndi cholembera, ndiye mutu uwu.

Chisomo, ukabwerera ukawauze aphunzitsi ako kuti dzina lake ndi chipongozi. Sayang'anana chifukwa woyamba kuchita anali mayi ndi mkamwini wake, m'nyumba ya feteleza ku Old Town, ndipo anakana kugula ntchito ndi ulemu wawo. Mwini wake ndi aNankhoma, ogulitsa nyemba. Akafuna umboni, ukanene kuti wanena ndi amene anasaina bodzalo.

Pali china chimene mayi anu anamwalira asanachimvetse. Ankadabwa kuti n'chifukwa chiyani ndikapita kumsika wa Old Town ndinkazungulira kunsomba, njira yaitali ndi yonunkha, m'malo modutsa kunyemba. ANankhoma anagulitsa pamalo omwewo zaka zina makumi awiri. Mpango wawo ndinkauzindikira ndili kutali, kayendedwe kawo ndinkakadziwa pakati pa anthu mazana, ndipo ndikangoona chithunzithunzi chawo chikutuluka pakati pa mabenchi, ndinkapatuka n'kuzyolika mpaka adutse. Sindinakwatire mwana wawo, sindinawalimirepo ngakhale mzera umodzi, koma mkamwini wowaopa kuposa ine sanakhalepo naye. Nkhope yawo sindinaionenso mpaka tsiku limene Yohane anabwera ku ofesi kudzandiuza kuti tikawaperekeze kumanda.